Munthu Akabvutika Mumtima, Mlandu Ngwa Yani?

Wowerenga ayambe waganizira za mnyamata wa zaka 14, amene kale anali kukhoza bwino m'kalasi, koma tsopano wayamba kujomba ku sukulu, kuba tindalama pa mfundo ya mpango wa amace, ndi kuyankha mwano akulu akamdzudzula. Atate wace amkwapula kufikira mkono walema, koma mwanayo sanasinthe. Aphunzitsi ati ndi ulesi cabe. Agogo ace ati pali munthu amene wamcita cipongwe ndi mankhwala. Amace alibe mau, angogwetsa misozi usiku anthu atagona. Pomaliza onse agwirizana kupita naye kwa phungu wophunzira za mabvuto a maganizo, ndipo pofika pakhomo ali yense ali ndi funso limodzi mumtima, ngakhale satha kulichula poyera: Kodi mlandu umenewu ngwa yani?

Funso limeneli si laling'ono ai, pakuti yankho lace ndilo lidzalamula zimene zidzamcitikira mwanayo. Ngati mlandu uli wace yekha, adzalandira mkwapulo wina. Ngati uli wa amace, mai amene wasweka kale mtima adzasenzanso katundu wa manyazi. Ngati palibe wolakwa konse, ndiye kuti palibenso woyenera kusintha, ndipo nyumbayo idzakhala monga iri. Kwa zaka zoposa 120 anthu ophunzira a ku Ulaya ndi ku America akhala akutsutsana za funso lomweli. Anagawikana m'magulu, ndipo gulu liri lonse linaloza cala pa malo ena pamene linati bvuto limabisala. Nkwabwino kuwamva onse mmodzimmodzi, monga icitira mfumu pa bwalo isanagamule.

Nzeru yociza munthu ndi mau okha, popanda mpeni kapena mankhwala akumwa, inakhala nchito ya madotolo poyamba mumzinda wa Vienna, m'dziko la Austria. Pakati pa 1880 ndi 1882 dotolo wina dzina lace Josef Breuer anali kusamalira namwali amene manja ndi miyendo yace zinali kuuma, maso osaona bwino. Breuer anaona kuti namwaliyo akafotokoza zowawa zimene anaziona podwazika atate wace, zina za zobvuta zacezo zinali kucepa. Bwenzi lace la Breuer, Sigmund Freud, anatenga nzeru imeneyi naikuza, ndipo awiriwa anaturutsa buku limodzi m'caka ca 1895.

Ciphunzitso ca Freud cinali cakuti mtima wa munthu uli ngati nyumba yokhala ndi cipinda camdima cimene mwini nyumba salowamo. Zilakolako zocititsa manyazi, mantha, ndi zowawa za paubwana zimene mwana sakanatha kuzipirira, amazikankhira m'cipindamo natseka. Koma zotsekeredwazo sizifa ai. Zimaturukira pena: m'maloto, m'mau amene lilime laphonya, ndi m'matenda amene gwero lace silioneka m'thupi. Cifukwa cace Freud anali kugoneka wodwala pa mpando wautali, iye nakhala kumutu kumene wodwalayo samuona, namuuza kuti anene conse cobwera m'mutu osabisa kanthu. Anali kucita tere masiku ambiri pa mlungu, kwa miyezi yambiri.

Wotsata Freud akaona mnyamata uja adzafuna kudziwa za ubwana wace: anamva bwanji pamene anamletsa kuyamwa, ndi pamene mng'ono wace anamlanda kumsana kwa amace. Kapena adzati mwanayo pakuba ndalama za amai alikudzitengera cikondi cimene aganiza kuti anammana. Njira imeneyi inaphunzitsa anthu cifundo, pakuti inaonetsa kuti munthu angacite coipa osadziwa cimene cimkoka. Koma iri ndi dzenje lace. Munthu wamkulu, wa imvi, angasandutse ubwana wace phanga lobisalamo, nanena masiku onse kuti olakwa ndi amene anamlera. Ndiponso zambiri za ziphunzitso za Freud sizinatsimikizike pamene anthu a pambuyo anaziyesa. Ngakhale anzace ena anasiyana naye: Alfred Adler m'caka ca 1911, ndi Carl Jung m'caka ca 1913. Adler anati cimene cimabvuta mwana koposa ndico kudziona wamng'ono ndi kusowa malo pakati pa anzace. Ndipo itatha nkhondo ya 1914 mpaka 1918 anayambitsa m'Vienna malo olangizirapo makolo ndi aphunzitsi za kaleredwe ka ana.

Gulu laciwiri linakana kulowa m'cipinda camdima cija. Linati cimene sicioneka sicingayesedwe, tsono wophunzira ayang'ane zimene munthu acita. Ku Russia, Ivan Pavlov anali ataona kuti galu amene wazolowera kumva phokoso lina asanapatsidwe cakudya amayamba kukha malobvu pakumva phokosolo lokha. Ku America, m'caka ca 1920, John Watson anaonetsa kuti mantha naonso amaphunziridwa: anapatsa khanda khoswe woyera kuti asewere naye, namenya citsulo kumbuyo kwace pamene linamkhudza, kufikira khandalo linayamba kulira pongoona khosweyo. Imeneyi inali nkhanza, ndipo lero siingaloledwe. Koma m'caka ca 1924 mai wina, Mary Cover Jones, anacita zosiyana ndi zimenezi. Anatenga kamnyamata ka zaka pafupifupi zitatu kamene kanali kuopa kalulu, naika kaluluyo patali pamene kamwanako kanali kudya cakudya cimene kanakonda. Tsiku ndi tsiku anamsendeza pafupi pang'ono, kufikira mwanayo anatha kumgwira osalira. Joseph Wolpe, dotolo wobadwira ku Johannesburg m'caka ca 1915, anakonza njira imeneyi kuti ithandize akulu: wamantha aphunzire kufatsitsa thupi lace, ndipo ali cifatsire ayandikire coopsaco pang'onopang'ono monga wokwera makwerero. Buku lace linaturuka m'caka ca 1958, ndipo kufikira lero njira yoyandikira coopsa ndiyo imathandiza kwambiri anthu ogwidwa ndi mantha opanda pace.

A gulu limeneli anaphunzitsanso kuti mcitidwe umene ubweretsa mphotho umabwerezedwa. Akaona mnyamata uja adzafunsa kuti, Akaba, cimatsatapo nciani? Kapena adzapeza kuti atate amene samlankhula mlungu wonse amamchula dzina pa tsiku lokha limene waba. Kwa mwana wosowa atate, ngakhale mkwapulo ungasanduke mphotho. Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti siinyoza munthu. Imati cizolowezi cophunziridwa cingathe kumasulidwa. Koma nayonso iri ndi dzenje, pakuti ingayese munthu ngati ng'ombe yophunzitsidwa goli. Ndipo siyankha funso lakuti, Ndani ali ndi mphamvu yosankha mcitidwe umene munthu wina ayenera kuphunzitsidwa?

Gulu lacitatu linauka cifukwa ca funso lomweli. Carl Rogers, wa ku America, anayamba waphunzira za ubusa, nasiya, nagwira nchito zaka zoposa khumi pakati pa ana obvuta mumzinda wa Rochester. Kumeneko anaona kuti malangizo anzeru ocokera kwa wophunzira kawirikawiri sakhalitsa, koma njira imene munthu waipeza yekha amaitsata. M'buku lace la 1951, ndi m'zolemba zace za 1957, anati phungu ayenera kukhala ndi zinthu zitatu: akhale woona, wosabvala nkhope yacilendo; alandire munthu monga ali, osamuikira mtengo wakuti ayambe wakhala wabwino; ndipo amve zowawa za munthuyo monga azimva mwini wace. Rogers anakhulupirira kuti munthu wolandiridwa cotere amayamba kukula yekha, monga mbeu imene yapeza cinyezi.

Ena anamtsutsa nati, Kodi kulandira wakuba sikubvomereza kuba? Koma apa pali kusiyana kumene mai ali yense akudziwa: amadana ndi bodza la mwana wace, koma samcotsa pa mbale ya nsima. Mwana amene aopa kutayidwa amateteza bodza lace kufikira imfa. Amene adziwa kuti sadzatayidwa angathe kunena kuti, Ndinaba ndine. Mnzace wa maganizo oyandikana ndi awa anali Viktor Frankl, dotolo waciyuda wa ku Vienna, amene anakhala m'ndende za a Nazi kuyambira 1942 mpaka 1945, nataya mkazi wace, atate, amai ndi mbale wace. Ataturuka analemba buku m'caka ca 1946, naphunzitsa kuti munthu amapirira zowawa akakhala ndi cinthu cokhalira moyo, ndi kuti ngakhale wolandidwa zonse amatsala ndi mphamvu yosankha umo adzayankhire tsoka lace. Mau otere akanena munthu wokhuta angakhale cipongwe, koma Frankl anawanena ataona zimene anaziona.

Gulu lacinai linati bvuto liri m'mau amene munthu amadziuza yekha. Albert Ellis anayamba kuphunzitsa zimenezi ku New York m'caka ca 1955. Aaron Beck, wa ku Philadelphia, anaphunzira njira ya Freud, nafuna kutsimikiza ciphunzitso cakuti cisoni cacikulu ndi mkwiyo umene munthu wautembenuzira kwa iye mwini. Poyesa sanapeze zimenezo. Anapeza kuti odwala ace anali ndi timaganizo tothamanga ngati mphezi, timene anatikhulupirira osatifunsa: kuti iwo ngacabecabe, kuti dziko lonse liwada, ndi kuti kutsogolo kulibe cabwino. Tsono anawaphunzitsa kulemba maganizowo pa pepala ndi kuwazenga mlandu monga pa bwalo: Mboni zace nziti? Kodi palibe mboni yotsutsa? Njira imeneyi imatha m'milungu yowerengeka, ndipo ndiyo yayesedwa kambiri koposa zonse. Mnyamata uja ingamthandize kupeza kuti amadziuza tsiku liri lonse kuti, Ndine wolephera, kuphunzira kulibe phindu. Dzenje lace ndi ili: phungu wosasamala angauze munthu amene nkhokwe yace iri yopanda kanthu kuti bvuto lace ndi kaganizidwe. Njala siicoka polemba pa pepala.

Magulu anai onsewa, ngakhale atsutsana, afanana pa cinthu cimodzi: onse alowetsa mnyamatayo yekha m'cipinda, nasiya makolo panja pa benci. Gulu lacisanu linatsegula citseko niliitana onse. Linayamba ku America m'zaka za m'ma 1950. Murray Bowen, pakati pa 1954 ndi 1959, anali kugoneka m'cipatala ca boma pafupi ndi Washington odwala misala pamodzi ndi amai ao, ndipo pambuyo pace mabanja athunthu, kuti aone umo amakhalira. Anaona kuti anthu awiri akamangika, amakoka wacitatu kuti ubale wao uime, monga mphika sukhazikika pa mafuwa awiri. Anaonanso kuti makhalidwe a m'nyumba amatsika kucokera kwa agogo kufikira kwa adzukulu, kotero kuti anali kujambula mtundu wa munthu mibadwo itatu asanamlangize. Virginia Satir, amene buku lace linaturuka m'caka ca 1964, anaphunzitsa kuti amene banja lamchula wodwala kawirikawiri ndiye wasenza ululu wa nyumba yonse.

Salvador Minuchin, wobadwira ku Argentina, anafika pa nzeru yomweyi pogwira nchito pa sukulu ya Wiltwyck ku New York, yosungirako anyamata opulupudza a m'mabanja osauka. Anyamatawo anali kusintha ali pa sukulu, koma akabwerera kwao anali kubwereranso ku zakale. Tsono Minuchin anayamba kuitana mabanja ao. Anati nyumba iri yonse iri ndi mipanda yosaoneka: makolo ayenera kukhala mbali imodzi monga atsogoleri, ana mbali ina. Mpanda ukagwa, mwana amasanduka mlangizi wa amace, kapena msilikali wa kholo limodzi pomenyana ndi linzace. Minuchin sanali kungomvera nkhani ai. Anali kuuza makolo kuti akambirane mlandu wao pamaso pace, ndipo akaona mwana wakhala pakati pao, anali kumnyamutsa ndi mpando wace kuti awiriwo ayang'anane.

Phungu wa gulu limeneli akaona mnyamata uja adzayang'ana kaye umo anthu akhalira pa mipando. Kapena adzapeza kuti atate amamwa malipiro mwezi usanathe, kuti usiku m'nyumbamo mumamveka mfuu, ndi kuti amai amaulula zowawa zao zonse kwa mwana wao wacisamba ameneyu. Adzapezanso kuti tsiku lokha limene makolo amalankhula ndi mau amodzi ndilo limene mwanayo waba. Mwanayo sanapangane nazo zimenezi, koma kuipa kwace ndiko kwagwira denga la nyumbayo kuti lisagwe. Akulu anati cikomekome ca nkuyu m'kati muli nyerere. Ndipo nthawi zina mwana wobvuta ndiye nyerere yoyamba kuturuka.

Nzeru imeneyi njakuya, koma mbiri yace iri ndi cilema cimene wophunzira sayenera kucibisa. Poyamba, ofufuza atangoona kuti banja limakhudza wodwala, anathamangira kunena kuti banja ndilo limayambitsa misala, ndipo cala cao cinagwera pa amai. M'caka ca 1948 Frieda Fromm-Reichmann analemba za mai amene kaleredwe kace kamabala matenda ochedwa schizophrenia. M'caka ca 1956 Gregory Bateson ndi anzace ku California anati matendawo amadza pamene kholo liuza mwana zinthu ziwiri zotsutsana nthawi imodzi, pakamwa likuitana, thupi likukankha. M'caka ca 1967 Bruno Bettelheim anafalitsa ganizo lakuti ana obadwa ndi autism anatero cifukwa ca makolo ouma mtima. Lero zadziwika kuti ziphunzitso zimenezi zinali zolakwa, ndi kuti cibadwa ndi kakulidwe ka ubongo ziri ndi mbali yaikulu pa matendawa. Koma kwa zaka zambiri amai amene anali kusamalira ana odwala usana ndi usiku anauzidwa ndi anthu ophunzira kuti ndiwo anawadwalitsa. Wophunzira amene aseka agogo cifukwa cofunafuna mfiti ayenera kukumbukira kuti madotolo a ku America naonso anafunafuna mfiti yao, naipeza mwa munthu wosalakwa.

Cimene cinakonza colakwaci cinacokera ku London. George Brown, ndi pambuyo pace Christine Vaughn ndi Julian Leff m'caka ca 1976, anaonetsa kuti wodwala schizophrenia amene wabwerera ku nyumba ya citonzo, ya udani, kapena yompanikiza ndi nkhawa, amadwalanso msanga kuposa wobwerera ku nyumba yofatsa. Apa panalibe kunena kuti banja linayambitsa matenda. Panali kunena kuti banja likaphunzitsidwa za matendawo, ndi kucepetsa mau olasa, lingathandize mankhwala a dotolo kugwira nchito. Banja linacoka pa malo a woimbidwa mlandu, nilikhala pa malo a wodwazika.

Cilema caciwiri cinali coopsa koposa. Ena a gulu la mabanja anaphunzitsa kuti m'nyumba zonse zimazungulira: mkazi alongolola cifukwa mwamuna amwa, mwamuna amwa cifukwa mkazi alongolola, tsono palibe woyamba. Pa mikangano yaing'ono mau amenewa amathandiza, pakuti amaletsa kulozana zala. Koma kuyambira 1978, pamene Rachel Hare-Mustin analemba zotsutsa, akazi ophunzira anakumbutsa anzao kuti m'nyumba mphamvu sizilingana. Pamene mwamuna amenya mkazi, kunena kuti onse ali ndi mbali ndiko kupatsa womenyedwa theka la mlandu wa wommenya. Cifukwa cace lero aphungu amaphunzitsidwa kufunsa ali yense payekha ngati m'nyumbamo muli nkhanza, ndi kusakhazika pamodzi awiri pamene mmodzi aopa mnzace. Mau amenewa ayenera kufikanso kwa ankhoswe, amene akhala akugwira nchito yolangiza mabanja kuyambira kale, magulu onsewa asanabadwe. Nkhoswe yabwino imamva mbali zonse, nidziwa mtundu wa mwamuna ndi wa mkazi, monga anafunira Bowen. Koma nkhoswe imene ibweza mkazi wotupa maso ndi mau akuti banja nkupirira yagwa m'dzenje lomwelo. M'Zambia, kuyambira 2011, muli lamulo loletsa nkhanza zotere, ndipo nkhonya si nkhani yothera pa mphasa cabe.

Nanga mwa magulu asanuwa lolondola ndi liti? M'caka ca 1952 Hans Eysenck ku London ananena kuti panalibe umboni wakuti kuciza ndi mau kumathandiza konse. Mau acewo anautsa ofufuza, ndipo m'caka ca 1977 Mary Smith ndi Gene Glass anasonkhanitsa zofufuza 375, napeza kuti munthu wothandizidwa amakhala bwino kuposa anthu pafupifupi 75 pa 100 mwa osathandizidwa, ndi kuti kusiyana kwa gulu ndi gulu kunali kocepa. Saul Rosenzweig anali ataganizira kale zimenezi m'caka ca 1936, nati njira zonse ziri ndi zinthu zofanana zimene zimaciza. Zofufuza za pambuyo zaonetsa kuti cimodzi ca zinthuzo ndico cikhulupiriro ca pakati pa phungu ndi wothandizidwa, ndi kugwirizana kwao pa cimene afuna kukonza. Izi sizitanthauza kuti njira iri yonse iyenera bvuto liri lonse. Wamantha afunika njira ya Wolpe, ndipo wodwala misala afunika dotolo ndi mankhwala. Koma zionetsa kuti palibe gulu limene linapeza coonadi conse lokha.

Mu Africa namonso zimenezi zaoneka. Ku Nigeria, m'caka ca 1954, dotolo Thomas Adeoye Lambo anayamba kugoneka odwala maganizo m'midzi yozungulira cipatala ca Aro, pafupi ndi Abeokuta, wodwala ali yense ndi mbale wace womsamalira. Ku Harare, m'caka ca 2006, dotolo Dixon Chibanda anayamba kuphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benci panja pa cipatala ndi kumvera anthu olemedwa ndi maganizo, kuwathandiza kusankha bvuto limodzi ndi kupeza okha njira yolithetsera. Poyesa njirayi, zimene zinafalitsidwa m'caka ca 2016 zinaonetsa kuti patapita miyezi 6, mwa okhala pa benci pafupifupi 14 pa 100 ndiwo anali ndi zizindikiro za cisoni cacikulu, pamene mwa enawo anali pafupifupi 50 pa 100. Agogowo sanafunse kuti wolakwa ndani. Anafunsa kuti, Mwa zonse zikulemerazi, uyamba ndi citi?

Apa ndipo pagona yankho la funso la poyamba lija. M'mau akuti mlandu ngwa yani mwabisala mafunso awiri amene anthu amawasokoneza. Loyamba ndi lakuti, Bvutoli linacokera kuti? Laciwiri ndi lakuti, Ndani ayenera kucita ciani tsopano? Magulu onse asanu anathandiza pa funso loyamba, ndipo anaonetsa kuti gwero silikhala limodzi: muli ubwana, muli cizolowezi, muli maganizo, muli nyumba, muli cibadwa ca thupi, mulinso umphawi. Amene adziwa zimenezi sangathamangire kuweruza. Koma ali yense amene anatenga yankho la funso loyamba nalisandutsa ciweruzo analakwa: wina anamanga mai wosalakwa, wina anamasula mwamuna wankhanza. Kudziwa kumene moto unayambira nkofunika, koma sikuuza munthu kuti aleke kutunga madzi pamene denga lace lirikupsa.

Funso laciwiri liri ndi yankho la munthu ali yense payekha, ndipo gawo la ali yense limalingana ndi mphamvu imene ali nayo. Atate aja angakhale analeredwa ndi mkwapulo, ndipo phungu wacifundo adzamva nkhani imeneyo mpaka pothera; koma botolo ndi dzanja nzao, palibe wina angawasiyire mowa. Amai aja sanalakwe pobvutika, koma ayenera kupeza wamkulu mnzao, kaya mlongo wao, kaya nkhoswe, womtulira zowawa, kuti mwana asasenze katundu wa akulu. Amalume, amene mwambo unawapatsa mau pa ana a mlongo wao, sayenera kudikira maliro kuti afike pakhomopo. Ndipo mnyamatayo, ngakhale gawo lace ndilo laling'ono koposa popeza ndi mwana, ali nalo ndithu. Phungu amene amuuza kuti alibe mbali konse wamlanda ulemu, pakuti wamuyesa tsamba louluka ndi mphepo. Phungu wabwino adzamuuza kuti mkangano wa makolo ace si wace kuukonza, ndipo pambuyo pace adzamfunsa umo adzabwezere ndalama za amace, ndi tsiku limene adzabwerere ku sukulu.

Wotsiriza sukulu amene awerenga nkhani iyi adzakhala kholo, kapena mphunzitsi, kapena kalaliki wa bwalo la milandu, ndipo tsiku lina adzaitanidwa kukhala nkhoswe ya mng'ono wace. Pa tsikulo anthu adzabwera naye munthu mmodzi, namloza kuti wobvuta ndi uyu. Ayambe wamumvera wolozedwayo mpaka atathe mau, pakuti akulu anati wamisala anaona nkhondo. Ayang'anenso amene amloza, ndi umo akhalira pa mphasa. Afunse kumbali ngati pali woopa kubwerera kunyumba usiku umenewo. Akaona kuti ndi matenda, asazengereze kutumiza wodwalayo ku cipatala. Ndipo asalole msonkhano kubalalika ali yense asananene ndi pakamwa pace cinthu cimodzi cimene iye mwini adzacita mlungu umenewo.